Kulimba Mtima si Kuuma Mtima: Zining'a za Chingerezi Zofanana Nkhope

Mwana wa zaka 7 wa ku Ulónguè kapena ku Metangula amadziwa kale kuti munthu wolimba mtima ndi munthu wouma mtima si amodzi. Palibe anamukhazika pansi kuti amuphunzitse zimenezi. Anangomva agogo ake akutama mnyamata amene anapha mphiri pakhomo kuti ndi wolimba mtima, ndipo tsiku lina anamva agogo omwewo akung'ung'udza za munthu wouma mtima amene anamana mwana wamasiye nsima. Komatu mawu awiriwa tikawachotsa pa mtima n'kuwayang'ana paokha, ndi apachibale. Dothi likauma limalimba, ndipo njerwa youma bwino ndiyo yolimba. Mlendo amene akuphunzira Chinyanja podalira buku lotanthauzira mawu lokha angathe kuimirira pabwalo n'kuuza amfumu kuti ndi ouma mtima, iye akuyesa kuti akuwatamanda.

Pa Chingerezi, alendo otere ndi ana athu, ndipo nthawi zambiri ndife tomwe. Chilankhulochi chadzaza ndi zining'a ndiponso timawu ta tsiku ndi tsiku tofanana nkhope ngati mapasa, koma tosiyana khalidwe. Kusiyana kwake sikupezeka m'mawu akuluakulu amene ophunzira amakopera pa bolodi n'kuloweza. Kumabisala m'kaliwu kamodzi kakang'ono, kapena m'funso lakuti akunenayo ndani, akuuza yani, nanga pachitika chiyani.

Wina mwa inu angafunse kuti nkhani ya Chingerezi ikudzatani m'kabuku ka kaphunzitsidwe ka m'chilankhulo cha makolo. Ntchito yathu, iye angatero, ndi kuphunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba m'Chinyanja, kenaka kuwaolotsera ku Chipwitikizi. Chingerezi adzakumana nacho kutsogolo. Funsoli n'lomveka. Kuchokera pa ntchito yoyeserera ya PEBIMO, imene inachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, kufikira 2003 pamene maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kukhazikika m'masukulu a boma, zilankhulo zimene takhala tikuzikamba ndi ziwiri basi. Koma mwana amene tikumuphunzitsayo adzakulira pakati pa zilankhulo zoposa ziwiri. Mayiko onse 6 amene tachita nawo malire, Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, amagwiritsa ntchito Chingerezi m'maofesi ndi m'masukulu, ndipo dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995. Mwana wa ku Angónia adzadutsa pa Calómuè kapena pa Zóbuè, mwina adzadwazika m'bale wake m'chipatala cha kutsidya kwa malire kumene mapepala amalembedwa m'Chingerezi, mwina adzafuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize kumene akatswiri ena ndi ochokera kunja. Khutu losiyanitsa mawu oyandikana, limene adzalifune tsiku limenelo, limasongoka mwana akadali m'manja mwathu, m'chilankhulo chimene anayamwira.

Tiyambe ndi mapasa amene apweteketsa anthu aulemu ambiri: "I don't mind" ndi "I don't care". Mtsikana wapita kukafunsira ntchito, ndipo bwana akumufunsa ngati angakonde kumagwira m'mawa kapena madzulo. Mtsikanayo analeredwa bwino. Mumtima mwake akufuna kunena kuti, "Zili kwa inu, bwana, nthawi iliyonse ndilandira." Akutsegula pakamwa n'kunena kuti "I don't care". Chimene bwanayo wamva n'chakuti, "Ndilibe nazo ntchito, zanu izo." Mawu amene amafunika anali "I don't mind", otanthauza kuti sindikuona chovuta, zonse zili bwino kwa ine. Enawo amanena kuti nkhaniyo, mwinanso munthu wofunsayo, alibe phindu pamaso pako. Anthu ena a ku America amawanena mopepuka popanda kulakwira munthu, koma Chingerezi cha m'mayiko otizungulira chinachokera ku Britain, ndipo kumeneko mawuwa amaluma. Bwanayo sadzamuuza mtsikanayo chimene walakwa. Adzangolemba mumtima kuti mwana uyu ndi wamwano, ndipo mtsikanayo adzabwerera kwawo osadziwa pamene ntchito inamupulumukira.

Chifukwa chimene ophunzira athu amagwera m'mbuna imeneyi tiyenera kuchiyang'anitsitsa, pakuti chikukhudza kaphunzitsidwe kathu. M'masukulu athu ambiri Chingerezi chimafotokozedwa kudzera m'Chipwitikizi. Mphunzitsi amalemba "I don't mind" kumanzere kwa bolodi n'kuika "não me importo" kumanja. Patapita milungu iwiri akulemba "I don't care", ndipo kumanja akuikanso "não me importo". Sananame, chifukwa mawu a Chipwitikiziwa amatha kunyamula matanthauzo onse awiri malinga ndi kanenedwe kake ndi nkhope ya wonenayo. Koma mwana amene Chipwitikizi chake chikadali chanthete samva kusiyana kwa kanenedweko. Iye amaona mizere iwiri m'kope mwake yokhala ndi tanthauzo limodzi, ndipo amaganiza kuti angasankhe uliwonse, monga mmene amasankhira pakati pa chimanga cha m'dengu ili ndi cha m'dengu ilo.

Tsopano yesani njira ina. Lembani m'Chinyanja kuti "palibe chovuta, chilichonse ndilandira", ndipo pansi pake mulembe kuti "ndilibe nazo ntchito". Funsani kalasi kuti ndi ati mwa mawu awiriwa amene angawayankhe amalume awo atawafunsa ngati akufuna thobwa kapena tiyi. Taona kangapo zimene zimachitika: ana amaphulika ndi phwete, ena amagwira pakamwa, ndipo pamapezeka wina wolongosola mwatsatanetsatane chimene amayi ake angamuchite atamumva akuyankha amalume motero. Zikatero ingolembani Chingerezi pambali pa chiganizo chilichonse. Simufunikanso kufotokoza zambiri, pakuti manyazi amene mwanayo wawamva m'chilankhulo chake asamukira kale pa mawu achilendowo.

Sitikunena kuti Chipwitikizi ndi mlatho wothyoka. Pali malo amene chimathandiza kuposa Chinyanja. "On time" ndi "in time" zimagwirizana bwino ndi "a horas" ndi "a tempo": koyambako ndi kufika pa nthawi imene munapangana, osachedwa, pamene kwachiwiriko ndi kufika zinthu zisanaipe. Mayi woyembekezera amene wafika kuchipatala mwana asanabadwire panjira wafika "in time", ngakhale kuti panalibe ola limene anapangana ndi azamba. Mphunzitsi amene walowa m'kalasi belu likulira wafika "on time". Chapa cha kwathu kuno, tonse tikudziwa, sichidziwa "on time", chimanyamuka chikadzaza. Mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri ali ndi milatho iwiri, ndipo luso lake ndi kudziwa woti aolokerepo pa mawu alionse.

Mapasa ena ndi oopsa kuposa awa. "Pass out" ndi kukomoka. "Pass away" ndi kumwalira. Taganizani za uthenga wa pa lamya wochokera ku Johannesburg, wolembedwa ndi mnzake wa mwana wa m'mudzi, amene sadziwa Chinyanja, wonena kuti mnyamatayo "passed out" ali pa ntchito. Uthenga wotere amaupititsa kwa munthu amene mudzi umamuyesa wophunzira, ndipo kawirikawiri munthuyo ndi mphunzitsi. Akasokoneza mawu awiriwa, maliro alira pakhomo mwini wake ali pabedi kuchipatala akumwa phala. Ndipo kuti zinthu zivute kwambiri, m'mayiko amene anatengera mwambo wa Britain asilikali ndi apolisi omaliza maphunziro awo amanenedwanso kuti achita "pass out", ndipo abale amapita kukaonerera perete atavala zovala za pa chikondwerero. Apanso Chinyanja chatikonzera kale njira. Mwana aliyense amadziwa kuti mbuzi imafa koma munthu amamwalira, ndi kuti pouza nkhalamba za imfa ya mwana wake timati watisiya. Amadziwa kuti pa imfa pali mawu ofewa ndi mawu okhadzula. Kumuuza kuti "pass away" ndi liwu lofewa, loyenera pamaso pa anamfedwa, pamene "die" ndi liwu lachindunji, ndi kumukumbutsa chinthu chimene anachiphunzira pa siwa.

Tibwerere ku mtima, chifukwa pamenepa zilankhulo ziwirizi zimayenda limodzi kwa kamtunda ndithu, kenaka n'kupatukana mwadzidzidzi. "Lose heart" ndi kutaya mtima, ndendende. "Take heart" ndi kulimba mtima. "Learn by heart" ndi kuloweza pamtima, chimene Apwitikizi amati "de cor". Wophunzira akaona kufanana kotere amasangalala, ndipo ayenera kusangalala. Koma onjezani kaliwu kamodzi. Amene wachita "lose his heart" kwa mtsikana sanataye mtima ayi, wagwa m'chikondi. Amene wachita "take it to heart" sanalimbe mtima. Mawu amene anauzidwa amulowa kwambiri, mwina amupweteka ndipo akuwasunga. Ophunzira amadandaula kuti Chingerezi n'chachinyengo, kuti kaliwu ngati "his" kapena "to" kangasinthe bwanji nkhani yonse. Timakonda kuwayankha ndi ziganizo ziwiri za kwathu. "Nyimbo ija yandigwira mtima." "Ugwireni mtima, mayi." M'chiganizo choyamba munthu wakhudzidwa, wasangalatsidwa. M'chachiwiri tikupempha munthu wolira kapena wokwiya kuti adziletse. Mneni ndi yemweyo, dzina ndi lomwelo, ndipo chasintha ndi timaphatikizo tokha. Kutaya mtima, kutaya nthawi ndi kutaya madzi zonse zimayamba ndi kutaya, koma palibe mwana amene amapempha kukataya madzi n'kunyamula ndowa.

Pali timapasa tina tambiri timene sitifuna nthawi yaitali. "A few friends" ndi anzako angapo, okwanira kukusangalatsa. "Few friends" ndi anzako ochepa, ndipo mawuwo ali ndi dandaulo mkati. "At the end" amaloza kumapeto kwa chinthu chodziwika, monga msewu kapena mwezi, pamene "in the end" ndi mmene zinthu zinathera pambuyo pa kukankhanakankhana. "Hear of" munthu ndi kumva mbiri yake, "hear from" munthu ndi kulandira uthenga wochokera kwa iye. Izi zimalowa ndi zitsanzo ziwiri kapena zitatu.

Zofuna kudekha ndi mawu a ulemu, chifukwa pamenepa zilankhulo zathu zitatu zinagawa munda mosiyana. Ife tili ndi "zikomo", amene timathokozera ndiponso kupemphera njira podutsa pamaso pa akulu. Tili ndi "pepani", amene timapepesera tikalakwa ndiponso kutonthozera munthu amene wagwa tsoka lomwe ife sitinalichititse. Tili ndi "odi" wa pakhomo. Chipwitikizi chimagawa ntchito zimenezi pakati pa "obrigado", "com licença" ndi "desculpe". Chingerezi chimaika "excuse me" patsogolo, usanasokoneze munthu, ndi "sorry" pambuyo, utamulakwira kale. N'chifukwa chake mwana wathu podutsa pakati pa alendo awiri amene akucheza amawerama n'kunena kuti "thank you", alendowo n'kumayang'anana kuti tamupatsa chiyani. Ndipo mlendo wa ku London akapunthwa pa mwala, ife timafuula kuti "Sorry!", iye n'kutitsimikizira kuti si ife tamugwetsa.

Kodi "sorry" wotonthozayu timuzule? Ife tikuti ayi. Amamveka bwino ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare, mpaka ku Lagos, ndipo akunyamula khalidwe limene sitichita nalo manyazi: tsoka la mnzako limakukhudza ngakhale sunalichititse. Chimodzimodzinso "I am coming" amene anthu a kuno amanena akuchoka. Ndi "ndikubwera" wathu, ndipo Chipwitikizi chimamuikira kumbuyo ndi "já venho". Mngerezi amanena "I'm coming" pamene waitanidwa ndipo akulunjika kwa womuitanayo. Akamachoka kwa kanthawi amati "I'll be right back". Chimene mwana afunika kudziwa ndi malire a mawu ake: kuti uyu amagwira ntchito kuno, koma pa mayeso, m'kalata ya ntchito, kapena polankhula ndi munthu wakutali, atenge winayo. Kumuuza kuti Chingerezi chake n'chowola kumangomutseka pakamwa.

Ndi bwinonso ophunzira adziwe kuti eni Chingerezi enieniwo samvana nthawi zonse. Ku Britain "just now" kawirikawiri amaloza kanthawi kamene kangopita kumene. Ku South Africa munthu akakuuza kuti abwera "just now", khala pansi, pakuti angafike patapita maola. Akafuna kunena kuti posachedwa amati "now now". Kumeneko "Shame!" ndi mawu achifundo, onenedwa poona mwana wodwala ngakhalenso khanda lokongola, pamene kwina angamveke ngati chidzudzulo. Winston Churchill, m'mabuku ake a mbiri ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anasimba mmene akuluakulu a nkhondo a ku Britain ndi a ku America anakanganira pa liwu lakuti "table": kwa Angerezi limatanthauza kuika nkhani patsogolo kuti ikambidwe, kwa Amereka limatanthauza kuiika pambali. Mbali zonse ziwiri zinkafuna chinthu chimodzi. Ana amamasuka akamva nkhani yotere. Ndipo "pompano" wathu, amene timati "wachoka pompano" komanso "abwera pompano", amawaonetsa kuti liwu limodzi kuyang'ana kumbuyo ndi kutsogolo si chachilendo.

Nanga m'kalasi tichite chiyani? M'makalasi oyambirira, Chingerezi chisanafike n'komwe, tumani ana kwa agogo awo kuti akatole zining'a zofanana nkhope: kuuma mutu ndi kuuma khosi, kupsa mtima ndi kusweka mtima, kutsina khutu ndi kugontha m'khutu. Pobwera nazo musakhutire ndi tanthauzo lokha. Afunseni kuti mawuwa angawanene ndani, kwa yani, pachitika chiyani, ndipo womvayo angamve bwanji. Aloleni achite kasewero kakafupi pa chining'a chilichonse. Mwana amene wazolowera kufunsa mafunso amenewa pa Chinyanja adzawafunsanso pa Chipwitikizi, ndipo akadzakumana ndi "look after" ndi "look for" sadzathamangira kuganiza kuti poti zonse zayamba ndi "look" ndiye kuti ndi kuyang'ana. Kwa inu amene mudzapatsidwe phunziro la Chingerezi lenilenilo, phunzitsani mapasa pamodzi, tsiku limodzi, m'nkhani imodzi, kuti kusiyana kuonekere. Powayesa, m'malo mowauza kuti amasulire, apatseni chochitika n'kuwafunsa kuti pa mawu awiriwa oyenera ndi ati.

Mudzakumana ndi anzanu ena okhulupirira kuti m'phunziro la Chingerezi musamveke liwu la chilankhulo china. Ali ndi mfundo: mwana amene samva Chingerezi kunyumba kapena pamsika afunika kuchimva mokwanira m'kalasi, ndipo mphunzitsi amene amathera mphindi 40 mwa mphindi 45 akulankhula Chinyanja akumubera mwanayo. Koma kufotokoza kusiyana kwa "mind" ndi "care" m'Chingerezi chokhachokha kwa mwana amene akudziwa mawu ochepa chabe kumatha theka la phunziro, ndipo pamapeto pake iye amangogwedeza mutu mwaulemu. Chiganizo chimodzi cha Chinyanja chimamaliza ntchitoyo m'kamphindi, nthawi yotsalayo n'kukhala yoyeserera kulankhula.

Ambiri a ife Chingerezi ndi chilankhulo chachitatu, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Phunzitsani mapasa ochepa amene mwawatsimikiza. Mukapeza buku lotanthauzira mawu lolembedwera ophunzira achilendo, werengani zitsanzo zake kuposa matanthauzo. Buku lotchuka la mtundu umenewu, la Oxford, linachokera kwa A. S. Hornby, mphunzitsi amene anakhala zaka zambiri ku Japan akuona ophunzira ake akupunthwa pa zinthu ngati zomwezi. Linatuluka koyamba ku Tokyo mu 1942 ndi dzina lakuti Idiomatic and Syntactic English Dictionary, ndipo a Oxford analisindikiza mu 1948.

Patsala malo amodzi pamene Chinyanja chimamusokeretsa mwana tikapanda kumuchenjeza. Tikafunsidwa kuti "Simunadye?" timayankha kuti "Inde", kutanthauza kuti mwanena zoona, sindinadye. Mngerezi akafunsidwa kuti "Haven't you eaten?" ndipo sanadye, amayankha kuti "No". Ife timavomereza mawu a wofunsayo, pamene iye amayankha za kudyako. Dokotala akafunsa wodwala kuti "You didn't take the tablets?" wodwalayo n'kuti "Yes", dokotalayo angalembe kuti mankhwala anamwa, chikhalirecho sanamwe. Ndipo apa "mind" uja akubweranso. Munthu akapempha mwaulemu kuti "Would you mind closing the door?", kwenikweni akufunsa ngati kutseka chitseko kungakuvute. Mwana wathu, pofuna kuonetsa kumvera, amayankha mokweza kuti "Yes!", ndipo m'Chingerezi wakana. Yankho la munthu wovomera ndi "Not at all", kapena "No, I don't mind".

Pamenepa kuyerekeza kuchitike poyera. Lembani funso la Chinyanja ndi yankho lake mbali imodzi ya bolodi, la Chingerezi mbali inayo, ana aone ndi maso awo kuti "inde" wagwera pamene pali "no". Chipwitikizi chithandiza, chifukwa wofunsidwa kuti "Não comeste?" nayenso amayankha kuti "Não". Kenaka aphunzitseni kuti asamasiye "yes" kapena "no" ali yekha pa funso lokana, koma azimaliza chiganizo: "No, I haven't", "Yes, I did". Agaweni awiriawiri, wina akhale dokotala, wina wodwala, ndipo azisinthana mpaka yankho lathunthulo lizituluka lokha.